Misasa ya Aisraele ndi misasa ya kwathu kuno ku Ntcheu

Mawu akuti msasa ndi amodzi mwa mawu amene ana a masiku ano amawamva kutchalitchi kokha. Mukafunsa mwana wa sitandade 8 kuti msasa n'chiyani, akuyankhani kuti ndi msonkhano wa mapemphero umene umachitika m'mwezi wa Ogasiti kapena Seputembala, kumene makwaya amakaimba ndipo anthu amabatizidwa. Mwanayo sadaname ayi, komatu msasa udalipo m'dziko muno mpingo uliwonse usanafike, ndipo makolo athu adaudziwa bwino lomwe asanamve dzina la Mose.

Msasa ndi kanyumba kongoyembekezera. Munthu amazika mphanda zinayi kapena zisanu ndi imodzi, n'kuyalapo mitanda, n'kumanga ndi luzi la mombo, kenaka n'kufolera ndi tsekera, mapesi kapena nthambi zamasamba. Palibe kuponda dothi, palibe kuzira pansi, ndipo chitseko sachiganizira n'komwe. Nyumba yeniyeni inkamangidwa masiku ambiri, mwini wake atamema anzake ndi mowa kapena thobwa, koma msasa umatha dzuwa lisanalowe. Alenje ankamanga misasa ku uzimba. Olinda m'munda ankagona m'misasa pofuna kupirikitsa anyani ndi nguluwe, makamaka m'minda ya m'munsi mwa mapiri monga Dzonzi ndi Mvai. Amuna amene ankapita wapansi kukafuna ntchito ku Salisbury, umene lero ndi Harare, podzera ku Tete, ankagona m'misasa m'njira monse. Pamaliro, mpaka lero lino, achinyamata amayamba ndi kumanga chisakasa choti anthu akhalemo, pakuti nyumba ya siwa singakwane mudzi wonse.

Palinso kachisi. Mvula ikavuta, akuluakulu ankamanga kanyumba kakang'ono ka mitengo ndi udzu patsinde pa mtengo waukulu, n'kuthirapo nsembe ya ufa ndi mowa, kupempha Chauta kudzera mwa mizimu ya makolo. Ngakhale kachisi wotchuka wa Mbona ku Khulubvi, m'boma la Nsanje, ndi wa zomera zomwezi, ndipo akagwa amamangidwanso ndi mwambo wake. N'zochititsa chidwi kuti anthu amene ankadziwa kumanga nkhokwe zolimba ndi malinga sadaone chifukwa chomangira Mulungu nyumba yosagwa. Ankakomana naye pansi pa denga la udzu limene chiswe chimatha m'dzinja limodzi.

Tsono tikatsegula Malemba tipeza lamulo lodabwitsa pa nkhani yomweyi. Lili m'buku la Levitiko mutu 23, kuyambira ndime 33 mpaka 43. Pa tsiku la 15 la mwezi wachisanu ndi chiwiri, atatha kututa zokolola, mbadwa zonse za Israele zinkayenera kutuluka m'nyumba zawo ndi kukakhala m'misasa masiku 7, ndipo tsiku lotsatira lidali la msonkhano wopatulika. Ankatenga zipatso za mitengo yokoma, nthambi za kanjedza, nthambi zamasamba ambiri ndi za misondodzi ya kumtsinje, n'kumakondwera pamaso pa Mulungu. Chifukwa chake chidanenedwa poyera: ana ndi adzukulu adziwe kuti makolo awo adakhalapo m'misasa pamene Mulungu adawatulutsa ku Ejipito. Malo oyamba amene Aisraele adagona atachoka ku Ramesesi ankatchedwa Sukoti, ndipo dzinalo m'Chihebri limatanthauza misasa. Ndi dzina lomwelo limene Ayuda amatchulira chikondwererochi mpaka lero.

Funso limene lidavutitsa aphunzitsi a Chiyuda ndi la nyengo. Aisraele adatuluka ku Ejipito m'mwezi woyamba, nthawi ya Paskha. Bwanji tsono chikumbutso cha misasa chidayikidwa patatha miyezi 6? Mphunzitsi wina wa ku France wa m'zaka za m'ma 1100, Samuel ben Meir, adayankha pogwirizanitsa lamuloli ndi chenjezo la m'buku la Deuteronomo mutu 8, pamene Mose akuchenjeza anthu kuti akadzadya n'kukhuta, akadzamanga nyumba zabwino n'kukhalamo, asadzanene mumtima kuti zonsezi azipeza ndi mphamvu zawo. Mlimi aliyense wa ku Ntcheu angamvetse yankho limeneli popanda womumasulira. M'mwezi wa Febuluwale, ufa utatha m'nyumba, palibe amene amafunika kumukumbutsa kupemphera. Koma muoneni munthu yemweyo mu Juni, nkhokwe itadzaza, matumba a kachewere atapita ku Lizulu kapena ku Tsangano, ndalama zili m'thumba. Kayendedwe kamasintha, moni amayankha ndi mutu wokha. Ndiye Aisraele ankatulutsidwa m'nyumba pa nthawi imeneyo, tirigu ali m'nkhokwe, vinyo ali m'mitsuko, kuti akagone pamene mphepo imalowa mbali zonse. Akuluakulu athu adati linda madzi apite ndipo uziti ndadala. Wokolola chaka chino sanaoloke. Mvula ya chaka chamawa sili m'manja mwake.

Malamulo a kamangidwe ka msasa adalembedwa mwatsatanetsatane m'buku la aphunzitsi a Chiyuda lotchedwa Mishnah, cha m'ma 200 Yesu atabadwa. Denga liyenera kukhala la zinthu zomera m'nthaka zimene zadulidwa, ndipo mthunzi uzichuluka kuposa dzuwa lolowa. Msasa womangidwa pansi pa mtengo kapena m'kati mwa nyumba suwerengedwa. Pambuyo pake padadza mwambo woti denga lisathithikane kwambiri, kuti wogonamo azitha kuona nyenyezi. Chimene chimandisangalatsa ine ndi lamulo la mvula. Aphunzitsiwo adati mvula ikagwa mpaka kufika poononga phala limene munthu akudya, iye ali ndi ufulu wolowa m'nyumba. Sadafune kuti anthu azidzizunza ngati kuti Mulungu amakondwera ndi chimfine cha ana ake. Chikondwererochi chidali cha chimwemwe, cha kudya ndi kuimba, ndipo buku la Numeri mutu 29 limawerenga ng'ombe zamphongo 70 zoperekedwa nsembe m'masiku 7 amenewo, kuyambira 13 tsiku loyamba n'kumatsika ndi imodzi tsiku lililonse.

Aphunzitsi awiri akale, Eliezer ndi Akiva, adatsutsana pa tanthauzo la misasa ya m'chipululu. Wina adati idali misasa yeniyeni ya mitengo ndi masamba. Wina adati ayi, misasayo idali mitambo ya ulemerero wa Mulungu imene inkaphimba anthu paulendo. Ine ndimaona kuti mkanganowu udasiyidwa wosaweruza mwanzeru, pakuti munthu wogona mumsasa amafuna zonse ziwiri. Amadula mphanda ndi manja ake, koma amadziwa kuti mphandazo sizingaletse mkango kapena mphezi.

Lamuloli silinkasungidwa mokwanira nthawi zonse. Buku la Nehemiya mutu 8 limasimba kuti Ayuda atabwerako ku ukapolo ku Babulo, zaka zoposa 400 Yesu asanabadwe, Ezara adawerenga chilamulo pamaso pa anthu ndipo atsogoleri adapezamo nkhani ya misasa. Anthu adathamangira kumapiri kukadula nthambi, namanga misasa pa madenga a nyumba zawo, m'mabwalo, ndi m'bwalo la Nyumba ya Mulungu. Wolemba akuti chiyambire masiku a Yoswa sizidachitikepo chotero. Taonani amene adautsa mwambowu: anthu amene makolo awo adataya nyumba, minda ndi mzinda womwe, ndipo iwo adali atangomaliza kumanganso linga la Yerusalemu. Linga litatha, m'malo mokhala phee m'kati mwake n'kumadzitama, adatuluka kukagona pansi pa masamba.

Nkhani ya mvula nayo ili pomwepo. Ku Israele chikondwererochi chimagwa mu Seputembala kapena Okutobala, kumapeto kwa chilimwe, anthu akuyang'ana kumwamba kudikira mvula yoyamba, monga momwe timachitira ife m'miyezi yomweyo. Mneneri Zekariya, mutu 14, adanena kuti mitundu imene sidzapita ku Yerusalemu kukasunga chikondwerero cha misasa mvula sidzaigwera. M'masiku a Yesu ansembe ankatunga madzi ku dziwe la Siloamu n'kukawathira paguwa tsiku lililonse la chikondwererochi, ndipo ndi pa tsiku lomaliza pamene Yesu adaimirira n'kuitana aludzu, monga tiwerenga pa Yohane mutu 7. Agogo athu amene ankathira nsembe pakachisi akadaona ansembe aja ndi mtsuko wawo wa madzi, sakadafunsa kuti akuchita chiyani.

Tiyenera kuthokoza amene adamasulira Buku Lopatulika, ntchito imene adaitsogolera William Murray wa mishoni ya Dutch Reformed pamodzi ndi aphunzitsi a kuno kwathu, ndipo idatha kusindikizidwa mu 1922. Iwo adasankha mawu akuti misasa pa chikondwererochi, nasiya mawu akuti chihema kuti akhale a nyumba yopatulika ya nsalu ndi zikopa imene Mose adamanga. M'Chingerezi zinthu ziwirizi zimasokonezeka chifukwa zonse amazitchula ndi liwu limodzi lochokera ku Chilatini. Mwana wa ku Ntcheu wowerenga m'chinenero chake samasokonezeka. Akafika pa Yesaya mutu 1, pamene Yerusalemu akufanizidwa ndi kanyumba ka mlonda kosiyidwa m'munda wa mpesa ndi wa nkhaka, amaona msasa umene agogo ake adausiya kudimba atatha kukolola.

Nanga msonkhano wa misasa, monga tiudziwa ife, udachokera kuti? Mizu yake ili ku Scotland. Kumeneko mipingo ya Presbyterian inkachita Mgonero wa Ambuye kamodzi kapena kawiri pachaka, ndipo anthu a m'midzi yambiri ankasonkhana malo amodzi kwa masiku angapo, maulaliki akuchitikira panja. Msonkhano wa ku Cambuslang mu 1742, umene George Whitefield adalalikirako, udasonkhanitsa anthu zikwi makumi angapo. Anthu a ku Scotland atasamukira ku America adapita nawo mwambowu, ndipo kumeneko, chifukwa midzi idali yotalikirana, obwera ku msonkhano ankagona m'ngolo, m'matenti ndi m'zisakasa za nthambi. Wotchuka ndi wa ku Cane Ridge, m'dera la Kentucky, mu Ogasiti 1801, umene adaukonza mbusa Barton Stone. Mpingo wa Churches of Christ, umene tili nawo pa Gowa, uli pa ubale ndi gulu limene Stone adathandiza kuyambitsa. A Seventh-day Adventist adachita msonkhano wawo woyamba wa mtunduwu ku Wright, m'dera la Michigan, mu Seputembala 1868, ndipo Ellen White, m'buku lake la 1890 lonena za makolo akale ndi aneneri, adalemba kuti kukadakhala bwino anthu a Mulungu a masiku ano akadakhala nacho chikondwerero cha misasa chawochawo.

M'dziko muno mwambowu udalowera zipata ziwiri. Kumpoto, Donald Fraser wa mishoni ya Livingstonia adaitanitsa msonkhano waukulu wa Mgonero pa Ekwendeni mu 1898, pakati pa Angoni a M'mbelwa. Kudafika anthu oposa 3,000, ndipo poti nyumba sizikadakwana, ambiri adagona m'misasa ya udzu. Wolemba mbiri Jack Thompson adaonetsa kuti Angoni adaulandira msanga msonkhano wotere chifukwa udafanana ndi mwambo wawo wakale wa incwala, pamene mtundu wonse unkasonkhana kwa inkosi pa nthawi ya zipatso zoyamba. Kummwera chipata chidali Malamulo, m'boma la Thyolo. Malowo adawatsegula Joseph Booth, a Adventist adawagula mu 1902, ndipo mtsogoleri woyamba wa mishoniyo adali Thomas Branch, munthu wakuda wa ku America. Dzina loti Malamulo lidadza mu 1907. Kuchokera kumeneko ntchito idafika ku Matandani, ndipo pambuyo pake kuno kwathu ku Lake View. Booth yemweyu ndiye adayambitsa Zambezi Industrial Mission, imene m'zaka za m'ma 1890 idatsegula malo pa Ntonda, Chiole ndi Dombole. Ndingowonjezapo kuti dzina lakuti Booth m'Chingerezi limatanthauza msasa, ndipo ndi liwu lomwelo limene Baibulo lakale la Chingerezi limagwiritsa ntchito pa Levitiko 23. Mwini dzinalo sadakhazikike malo amodzi kapena mpingo umodzi moyo wake wonse.

Amene adauona msonkhano wa misasa wa zaka makumi asanu zapitazo akukumbukira. Sabata yathunthu isanafike, amuna ankapita kukalambula malo, kudula mphanda ndi kumweta udzu. Ankamanga mpanda waukulu wa udzu wochitiramo mapemphero, ndipo kuzungulira pamenepo mpingo uliwonse unkamanga mzere wa misasa yake. Amayi ankafika atasenza ufa, nyemba, miphika ndi mphasa, ena atayenda mtunda wa tsiku lathunthu. Mphunzitsi wa pasukulu, mwini golosale ndi mlimi wopanda nsapato ankagona pa udzu umodzimodzi, kuzizidwa ndi mphepo imodzimodzi ya kumtunda kuno, imene mu Ogasiti simasewera. Nyumba zinkatsala ndi nkhalamba kapena mnyamata mmodzi woyang'anira ziweto, ndipo wopita ku msonkhano ankadziwa kuti nkhokwe yake waisiya m'manja mwa Mulungu ndi mwa anansi.

Lero zambiri zasintha. Kuli matenti, mapepala apulasitiki, ndipo m'malo ena mwamangidwa zipinda za njerwa ndi malata. Ena amabwera pa galimoto m'mawa n'kubwerera kukagona kwawo madzulo. Sindingawadzudzule kwambiri, pakuti mitengo yatha, ndipo kudula mphanda mazanamazana chaka ndi chaka m'mapiri amene ayera kale kungakhale kuchimwira Mlengi yemwe tikumupembedzayo. Komabe ndimadandaula kuti pamene wolemera agona pa matiresi m'chipinda chokhoma ndipo wosauka agona panja, chimene msasa unkaphunzitsa chachoka, latsala dzina. Mapesi, nsungwi ndi nthambi za bulugamu zilipo, ndipo zikhoza kumanga msasa popanda kugwetsa mtengo wachilengedwe ndi umodzi womwe.

Anthu a boma lino ali ndi chifukwa china chomvetsera nkhani imeneyi, pakuti mbiri yathu ndi ya anthu apaulendo. Angoni a Maseko adachoka kummwera kwa Africa pa nthawi ya nkhondo za Shaka, naoloka Zambezi, nafika mpaka ku Songea m'dziko limene lero ndi Tanzania, motsogozedwa ndi Mputa. Mputa atafa adabwerera ndi Chidyaonga, nakhazikika pafupi ndi phiri la Domwe cha m'ma 1870. Ndi zaka pafupifupi 40 za kumanga ndi kusiya, ndipo alaliki ena amakonda kuzifanizira ndi zaka za Aisraele m'chipululu. Fanizoli ndi lofunika kulisamala. Ulendo wa Angoni udali wa nthungo ndi chishango, ndipo Achewa ndi Antumba ambiri adathawa midzi yawo n'kukagona m'misasa ndi m'mapanga a m'mapiri chifukwa cha iwo. Ife a ku Ntcheu lero tili ndi magazi a othamangitsa ndi a othamangitsidwa omwe, ndipo pokasonkhana pa Umhlangano ku Nkolimbo ndi bwino kukumbukira mbali zonse ziwiri. Pangano la Angerezi ndi Apwitikizi la 1891 lidadula dziko la Maseko pakati, kutsata mtunda umene umagawa madzi, ndipo n'chifukwa chake msewu wochoka ku Ntcheu kupita ku Dedza uli ndi Malawi mbali ino, Mozambique mbali inayo, pamene anthu a mbali zonse ndi amodzi, a chinenero chimodzi ndi ziwongo zofanana.

Malire amenewa aona misasa yeniyeni, yosakhala ya chikondwerero, kawiri m'moyo wa ife achikulire. Koyamba kudali mu 1972. A Mboni za Yehova, amene boma la nthawiyo lidawaletsa mu 1967 chifukwa chokana kugula makadi a chipani, adamenyedwa, kutenthedwera nyumba ndi kuchotsedwa ntchito. Ambiri adathawira ku Sinda Misale m'dziko la Zambia, ndipo pambuyo pake zikwizikwi adakakhala ku Mlangeni wa mbali ya Mozambique, pafupi ndi ife pomwepa, kufikira 1975 pamene adabwezedwanso. Kaya munthu agwirizana ndi chiphunzitso chawo kaya ayi, sangakane kuti anthuwa adasiya nyumba zokhoma n'kukagona pa udzu chifukwa cha chimene ankakhulupirira. Ambiri a ife tidakhala chete masiku amenewo, pakuti mantha adali paliponse. Chiletsocho chidachotsedwa mu 1993.

Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Patangopita zaka 14 anthu adayamba kuoloka msewu womwe uja kuchokera mbali inayo. Nkhondo ya pakati pa boma la Frelimo ndi gulu la Renamo idakula kwambiri m'zigawo za Tete ndi Zambezia mu 1986, ndipo anthu a ku Angonia adatsikira kuno ndi ana kumsana, mitolo pamutu, ena akukusa mbuzi ndi ng'ombe zimene adatha kupulumutsa. Pofika 1992 othawa nkhondo a ku Mozambique m'dziko muno adaposa 1 miliyoni, pamene kalembera wa 1987 adapeza anthu pafupifupi 8 miliyoni m'Malawi monse. Ntcheu yokha idalandira oposa 100,000. M'maboma a kuchigwa monga Nsanje ambiri adayikidwa m'makampu akuluakulu, koma kuno ndi ku Dedza ochuluka adakhala pakati pa midzi, mafumu atawagawira malo. Kuyambira Biriwiri, kudutsa Mlangeni mpaka Lizulu, m'mbali mwa msewu mudadzaza timisasa ta udzu ndi mapesi. Ena ankaona ndi maso nyumba zawo za njerwa zili tsidya la msewu, zopanda denga, koma sakadatha kukagonamo.

Anthu amenewa ankadya chakudya chogawidwa pa masiku oikika ndi mabungwe a United Nations ndi Red Cross: ufa, nyemba kapena nandolo, mtedza, mafuta ophikira, shuga ndi mchere. Mkulu amene kwawo adali ndi nkhokwe zitatu ankaima pamzere ndi khadi m'manja, osadziwa ngati galimoto ya chakudya ifika. Alaliki a m'misasamo ankakonda nkhani ya mana, ndipo n'zomveka. Komatu mana a masiku athu nthawi zina ankaperewera. Mu 1990, mtedza utasowa m'chakudya chogawidwacho, matenda a pelagra, amene amayamba munthu akamadya chimanga chokhachokha ndipo amasupula khungu ndi kutsegula m'mimba, adagwira othawa nkhondo pafupifupi 18,000 m'dziko muno. Mu 1992 kudagwa chilala choopsa, ndipo eni mudzi ndi alendo adavutika limodzi. Mitengo ya m'mapiri idatha ndi nkhuni ndi milimo, zitsime zidachepa, ndipo madandaulo adalipo, makamaka pamene mlendo ankalandira ufa mwini mudzi alibe.

Apa m'pamene nkhani ya kudalira Mulungu imafika povuta, ndipo sindikufuna kuidumpha. N'kosavuta kuimba za chisamaliro cha Mulungu uli mumsasa wa masiku 7, makiyi a nyumba yako ali m'thumba. Mayi amene adakhala mumsasa zaka 7, naika mwana wake m'manda a mudzi wa eni, ndiye ali ndi ufulu wonena ngati Mulungu adamusamala, ndipo ife tilibe ufulu womuyankhira. Chimene tingaone ife ndi njira imene chisamalirocho chidadzera pamene chidafika. Chidadzera mwa nyakwawa imene idaloza malo, mwa mayi amene adabwereketsa mphika ndi mtondo, mwa mlimi amene adapatsa mlendo ganyu kapena kachigawo ka dimba, mwa mphunzitsi amene adalandira ana ena makumi asanu m'kalasi yodzaza kale. Lamulo la Mose lidaziona kale zimenezi. Pa Deuteronomo mutu 16, pamene akutchula oyenera kukondwera nawo pa chikondwerero cha misasa, satchula mwini munda ndi ana ake okha. Akutchulanso antchito, Mlevi amene adalibe munda, mlendo, mwana wamasiye ndi mkazi wamasiye. Mwini nkhokwe ankatulutsidwa m'nyumba kuti alawe kwa sabata imodzi moyo umene anthu awa ankakhala chaka chonse, ndi kuti adye nawo m'mbale imodzi.

Kudalira kumeneku sikudali ulesi. Chikondwerero chinkabwera anthu atalima, atapalira, atakolola ndi kupuntha. Nawonso abale athu a ku Angonia sadangokhala kudikira galimoto. Ankalima maganyu, kuotcha njerwa, kuchita malonda m'misika ya m'malire, ndipo olimba mtima ankazemba m'mamawa kukalima minda yawo tsidya lija, podziwa kuti akhoza kukumana ndi asilikali kapena kuponda bomba lokwiriridwa. Sunga khosi mkanda uoneka, adatero makolo, ndipo kusunga khosi m'zaka zimenezo idali ntchito ya tsiku ndi tsiku. Zomwezi zidaonekanso mu Malichi 2023, pamene namondwe wa Freddy adasiya anthu oposa theka la miliyoni opanda pokhala m'chigawo cha kummwera. Oyamba kufika ndi zofunda ndi ufa ku masukulu kumene anthu adathawira adali anansi ndi mipingo ya pafupi, thandizo la kutali lisanafike.

Mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Pangano la mtendere lidasainidwa ku Rome pa 4 Okutobala 1992, m'nyengo yomwe Ayuda amakonzekera misasa yawo, ndipo anthu a ku Angonia sadadikire kuti awanyamule. Ambiri adangosasula mitengo ndi udzu, n'kusenza, n'kuoloka msewu, mwamuna kuyamba yekha kukaona ngati munda uli bwino, banja kutsatira pambuyo. Pofika 1995 ntchito yobwezera anthu kwawo idali itatha. Malo ambiri amene padali misasa lero ndi minda ya chimanga ndi kachewere, ndipo wachinyamata wodutsa pa minibasi sangadziwe kuti padagonapo anthu. Adatsala ndi maukwati amene adamangidwa m'zaka zimenezo, ana obadwira kuno amene tsopano ali ndi ana awo, ndi manda m'midzi yathu, amene eni ake amaoloka msewu kudzaika maliro ena pambali pake kapena kudzalambula chaka chikatha.